Mpira wa tenisi uyambe kuzungulira tsiku loyamba

Pali malangizo amene pafupifupi aliyense wongoyamba tenisi amapatsidwa, ndipo ine sindigwirizana nawo. Amati: “Yamba wadziwa kumenya mpira kuti uzidutsa neti. Zozungulitsa mpira n’za akatswiri, udzaziona kutsogolo.” Onena izi si anthu oipa mtima. Ambiri ndi anzathu a chaka chachitatu kapena chachinayi amene atibwereka raketi, atipatsa ola lawo lamadzulo, ndipo akungofuna kuti tisagwe ulesi msanga. Koma malangizo omwewa ndi amene atipatsa osewera oti atha zaka 3 pabwalo, kuthamanga amathamanga, mpira amauona bwino, koma akangoti amenyeko mwamphamvu mpirawo ukukagwera kuseri kwa mpanda. Zikatero amabwerera ku kamenyedwe kawo kamantha, kokankha mpira pang’onopang’ono ngati akupereka mbale ya nsima kwa apongozi.

Ganizo langa ndi lakuti kuzungulitsa mpira, makamaka kuja amati topspin, kuziphunzitsidwa tsiku lomwelo limene munthu wagwira raketi koyamba. Ena amakuona ngati tsabola, wothira pamapeto ndiwo zitapsa kale. Ine ndikuti ndi ufa.

Tiyambe ndi bwalo lenilenilo. Kutalika kwake ndi mamita 23.77, ndipo neti pakati pake ndi yotalika masentimita 91.4, m’mbali mamita 1.07. Munthu woima pamzere wakumbuyo ali ndi ntchito ziwiri zolimbana: mpira udutse pamwamba pa neti yomwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 12, kenako utsike usanapitirire mamita ena 12. Ngati mpirawo sukuzungulira, chinthu chokha choutsitsa ndi mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi, ndipo mphamvu imeneyi siifulumira chifukwa choti iwe wafulumira. Anzanga a physics andikhululukire kuti ndikubwereza za ku sekondale. Chinthu chogwa chimatsika mamita pafupifupi 1.2 pa theka la sekondi, koma pa kota ya sekondi chimatsika masentimita 30 okha. Ndiye kuti ukachulukitsa liwiro la mpira kawiri, nthawi yake mumpweya imachepa ndi theka, ndipo kutsika kwake kumachepa kanayi.

Wosewera wosazungulitsa mpira ali ndi kawindo kakang’ono koti adutsitsemo mpira wake. Akakweza nkhope ya raketi pang’ono chabe, kunja. Akaitsitsa pang’ono chabe, neti. Howard Brody, amene ankaphunzitsa physics pa University of Pennsylvania ndipo analemba buku la sayansi ya tenisi mu 1987, anawerengera kawindo kameneka n’kusonyeza kuti kamachepa liwiro likamakwera, koma kamakula mpira ukamazungulira chakutsogolo. Choncho mnzathu uja amene amataya mipira kunja nthawi iliyonse akamenya mwamphamvu tisamamunene kuti alibe luso. Akumukana ndi masamu.

Mpira ukamazungulira chakutsogolo, monga limachitira tayala la njinga, ubweya wake umakoka mpweya n’kuutayira m’mwamba kumbuyo kwake. Mpweya ukakankhidwira m’mwamba, nawonso umakankhira mpira pansi. Wapeza dzanja lachiwiri lothandizana ndi mphamvu ya dziko ija, ndipo ubwino wa dzanja ili ndi wakuti limakula mphamvu mpira ukamathamanga ndi kuzungulira kwambiri. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Wosazungulitsa akawonjezera mphamvu, mwayi wake ukuchepa. Wozungulitsa akawonjezera mphamvu, gawo lina la mphamvuyo likupita ku kuzungulira, moti mpira umatha kudutsa mita yathunthu pamwamba pa neti n’kugwerabe mkati. Ukagunda pansi umalumphira kutsogolo ndi m’mwamba, n’kukamupeza mnzako paphewa pomwe iye amaudikira m’chiuno.

Zimenezi si zatsopano. Isaac Newton anazitchulapo mu 1672 ataona mipira ikukhota pamasewera a tenisi yakale ija yosewerera m’nyumba, kutatsala zaka 200 kuti tenisi yathuyi ibadwe. Dzina loti Magnus effect linachokera kwa Heinrich Gustav Magnus, wasayansi wa ku Germany amene anazifufuza cha m’ma 1850, ngakhale kuti iye nkhawa yake inali pa zipolopolo za mizinga zomwe zinkapatuka panjira. Ife okonda mpira wamiyendo timazidziwa kale ndi maso. Ndani sanaonepo chigoli cha Roberto Carlos cha pa 3 June 1997 ku Lyon, Brazil ikusewera ndi France, mpira ukuoneka kuti wapita kunja kutalitali kenako n’kukhotera mugolo? Mphamvu yake ndi yomweyi. Kusiyana kwake n’kwakuti iye anauzungulitsa chammbali, pomwe ife pa topspin timafuna kuti ukhotere pansi.

Nanga mpirawo umazungulitsidwa bwanji? Pali bodza lina lofala m’mabwalo mwathu lakuti umafunika kuuphimba mpira, kutembenuzira dzanja pamwamba pake pa nthawi imene wakhudza zingwe. Mpira umakhala pazingwe kwa magawo pafupifupi 5 mwa magawo 1,000 a sekondi. Kuphethira kwa diso kumatenga nthawi yoposa pamenepo maulendo 20. Palibe dzanja limene lingatembenuke m’kanthawi kotereka, ndipo woyesera kutero amangotseka raketi msanga n’kuponya mpira pansi pa neti. Chozungulitsa mpira ndi njira imene raketi yadzera. Iyambire mmunsi mwa mpira, ikwere, nkhope yake ili chiimire kapena yoweramira kutsogolo pang’ono, zingwe zipale mpirawo kumsana. Kutembenuka kwa mkono kumene timaona pa YouTube kumabwera mpira utachoka kale.

Amene tinakula tikusewera nguli tili ndi poyambira. Nguli suimenya pakati. Ukaimenya pakati imagwa n’kukagubudukira kutali. Chingwe chimaipala m’mbali, ndipo kupalako n’kumene kumaiimitsa.

Kenako pali nkhani ya kagwiridwe, imene ndi phata la mkangano wanga ndi anzanga ophunzitsa a chaka choyamba. Mpini wa raketi uli ndi mbali 8, ndipo pamene waika chikhatho ndi pamene pamalamula kumene nkhope ya raketi iyang’ane. Munthu ukangomupatsa raketi osamuuza kanthu, kawirikawiri amaigwira ngati chikwanje kapena hamala. Kagwiridwe kameneka amakatcha continental, ndipo ndi kabwino poseva ndi posewera pafupi ndi neti. Koma pomenya forehand kamasiya nkhope ya raketi itayang’ana kumwamba, moti ukati ukweze raketi kuchokera pansi, mpira umapita kukacheza ndi akhwangwala. Kagwiridwe kamene osewera ambiri amakono amagwiritsa ntchito ndi semi-western, ndipo kukapeza n’kosavuta. Gonekani raketi pansi, muitole ngati mukunyamula chiwaya pamoto. Basi, mwafika pafupi kwambiri. Kumuuza zimenezi munthu tsiku loyamba kumatenga mphindi imodzi. Kumusintha atazolowera kagwiridwe ka chikwanje kumatenga miyezi.

Ine anandiphunzitsa ndi bambo ena achikulire, opuma pantchito, amene amabwera kubwalo Loweruka m’mawa ndi raketi yoti mwina ndi yaikulu kwa ine pobadwa. Tsiku loyamba sanandiimike kumzere wakumbuyo. Anandiimika pa waya wa mpanda, n’kupanikiza mpira pakati pa wayayo ndi zingwe za raketi yanga. “Mwana wanga,” anatero, “ukweze mpirawu ndi zingwe mpaka ufike pamutu pako, koma usagwe.” Nditachita zimenezo maulendo osawerengeka ndinafunsa kuti, “Bambo, nanga kusewera tiyamba nthawi yanji?” Anangondilozera tibokosi ta sevisi tomwe tili pafupi ndi neti, ndipo tinatha masabata awiri tikumenyerana mpira m’timabokosi timeneti, pang’onopang’ono, lamulo lili limodzi lokha: mpira ukabwera kwa iwo osazungulira, ankaugwira ndi dzanja n’kundiponyeranso. Sanandiuzeko za Newton kapena za Magnus. Ankangondiuza kuti ndizimvera phokoso. Mpira womenyedwa pakati umalira kuti pho, wopalidwa umalira kuti tsweee, ndipo khutu limaphunzira msanga kuposa diso.

Tinene zoona, njira imeneyi ili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo ndi manyazi. Raketi ikamakwera motsetsereka chonchi, malo oti mpira ukhudze zingwe amachepa, ndiye masabata oyambirira mipira yambiri imagunda felemu. Ina imapita kumwamba, ina m’tchire la kuseri kwa mpanda, ndipo dzuwa limakulowera uli gwadegwade kufunafuna mpira mu udzu chifukwa chitini cha mipira yatsopano chimadya ndalama ya ndiwo ya masiku angapo. Anthu odutsa popita ku hositelo amaima n’kumaonerera. Choopsa kwambiri n’chakuti mnzako amene munayamba naye limodzi, uja anasankha zongokankha mpira, amakugonjetsa 6-1 popanda kutuluka thukuta, n’kukakufotokozera bwino ku kafeteriya. Anthu olangiza kuti topspin idikire amakhala akufuna kutiteteza ku zimenezi, ndipo ndikuwamvetsa.

Koma funso ndi lakuti manyazi amenewa amatsika mtengo liti. Wa chaka choyamba amene wagwira raketi dzulo alibe mbiri yoti aiteteze. Akaponya mpira padenga, aliyense amati ndi wongoyamba, ndipo akanauponyabe padengapo ngakhale akanaphunzira njira inayo. Wa chaka chachitatu ali kale ndi dzina, ali ndi anthu amene amawagonjetsa nthawi zonse, ndipo kuti asinthe kagwiridwe ayenera kuvomera kugonja kwa anthu omwewo kwa miyezi iwiri kapena itatu. Ambiri savomera. Ndaonapo mnzanga wina, wothamanga kuposa tonsefe, akuyesetsa kusintha. Pokonzekera ankachita bwino ndithu. Koma masewera enieni akafika pa 30-40, dzanja lake linkabwerera lokha pa kagwiridwe kakale iye osadziwa n’komwe. Thupi likapanikizika limathamangira chimene linaphunzira poyamba. Akuluakulu aja sananame kuti m’mera mpoyamba.

Ndipo tisaiwale kuti nthawi yathu ndi yowerengeka. Kwa ambiri a ife, zaka 4 za pa yunivesite ndi nthawi yokhayo pamoyo imene bwalo la tenisi lili pafupi ndipo palibe wotifunsa ndalama pachipata. Tikamaliza, mabwalo abwino ambiri ali m’makalabu olipira, ndipo munthu amene akuyenda ndi envulopu ya masatifiketi kufunafuna ntchito saganiza za tenisi. Kunena kuti “udzaziona kutsogolo” ndi kulonjeza munthu tsogolo limene mwina silidzabwera.

Wina anditsutsa ndi Jimmy Connors. N’zoona, Connors ankamenya mpira mosauzungulitsa kwambiri, ndipo anapambana mipikisano 109, chiwerengero chimene ndi chachikulu zedi m’mbiri ya tenisi ya amuna. Koma Connors anayamba kumenya mpira ali kamwana, akuphunzitsidwa ndi amayi ake a Gloria pamodzi ndi agogo ake aakazi, tsiku ndi tsiku. Kudutsitsa mpira wothamanga pa kawindo kakang’ono kaja n’kotheka, koma kumafuna dzanja loti labwereza kamenyedwe kamodzimodzi kwa zaka zambirimbiri. Ife tili ndi maola atatu kapena anayi pasabata, ndiye kuti kulibe mayeso ndipo mvula sinagwe. Munthu wa nthawi yochepa ndi amene akufunika kwambiri kawindo kakakulu. Anthu amaganiza kuti topspin ndi ya akatswiri, chonsecho amene ingamuthandize koposa ndi wosewera wa Loweruka lokha.

Wina anena kuti zonsezi n’za zida zodula, ndipo naye ali ndi mfundo. Mu 1977 kunabwera kalukidwe kachilendo ka zingwe kotchedwa spaghetti, kopangidwa ndi Werner Fischer wa ku Germany, komwe kankazungulitsa mpira mopitirira muyeso. Ilie Năstase anakagwiritsa ntchito ku Aix-en-Provence n’kudula mndandanda wautali wa kupambana kwa Guillermo Vilas, ndipo bungwe la ITF linakaletsa posakhalitsa. Patapita zaka 20, Gustavo Kuerten wa ku Brazil, ali pa nambala 66 padziko lonse, anatenga chikho cha French Open akugwiritsa ntchito zingwe za polyester za kampani ya Luxilon. (Anapambana pa 8 June 1997, sabata yomweyo ya chigoli cha Roberto Carlos chija. Anthu a ku Brazil anaizunguza France sabata imeneyo.) Zingwe zoterezi zimaterereka mpira ukazigunda kenako n’kubwerera m’malo mwake msanga, ndipo kubwererako kumawonjezera kuzungulira. Lero osewera akuluakulu ambiri amazigwiritsa ntchito.

Komabe Björn Borg anatenga French Open maulendo 6 ndi Wimbledon maulendo 5 motsatizana, kuyambira 1976 mpaka 1980, akumenya topspin yoopsa ndi raketi yathabwa ya kamutu kakang’ono. Raketi ya pa kaunjika imene mwabwereka kwa mnzanu ili ndi mutu waukulu kuposa ya Borg. Zingwe zimawonjezera pa zimene mkono wayamba kale, sizingayambitse zokha. Ndipo wongoyamba ndingamulangize kuti asathamangire polyester, chifukwa ndi youma ndipo imavutitsa chigongono cha munthu amene kamenyedwe kake sikanakhazikike.

Chimodzimodzi ndi nkhani ya Rafael Nadal. Aliyense akamva za topspin amaganiza za iye, ndipo m’pomveka. Ofufuza pogwiritsa ntchito makamera othamanga anapeza kuti forehand yake inkazungulira maulendo pafupifupi 3,200 pa mphindi imodzi, ndiye kuti maulendo oposa 50 pa sekondi, ndipo ndi chida chimenechi anatenga French Open maulendo 14. Koma musamutsanzire. Kaponyedwe kaja komalizira raketi ikuzungulira pamwamba pa mutu kamafuna phewa ndi miyendo yoti yakonzedwa kuyambira ubwana ku Manacor, a Toni, mchimwene wa bambo ake, ali pambali. Wophunzira amene wakhala tsiku lonse mulaibulale akangodzuka n’kuyamba zimenezo, mawa lake sakwanitsa kulemba manotsi. Ife tikungofuna kuzungulira kokwanira kuti mpira utsike. Gawo limodzi mwa magawo atatu a Nadal ndi lokwanira kusintha masewera a pasukulu.

Pali chifukwa chinanso chimene chikutikhudza ife makamaka. Mizinda yathu ili pamtunda. Lilongwe ndi Blantyre zili pa mamita opitirira pang’ono 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo Mzuzu ili pamwamba kuposa apo. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, choncho mpira umathamanga kwambiri ndipo umapita patali kuposa momwe ungachitire ku London kapena ku Melbourne. Malamulo a ITF amalola mtundu wapadera wa mpira pamalo okwera kupitirira mamita 1,219 pa chifukwa chomwechi, ndipo amene anasewerako ku Johannesburg amadziwa momwe mpira umaulukira kumeneko. Kuwonjezera apo, mipira yathu timaisewera mpaka itameta mpala, ndipo mpira wotha ubweya umadutsa mumpweya mosachedwetsedwa. Zonsezi zikukankhira mpira kunja kwa mzere. N’zoona kuti mpweya wopepuka umachepetsanso mphamvu ya topspin, koma yankho lake ndi kuzungulitsa kwambiri, poti palibenso china choutsitsa.

Pamene nkhaniyi imaonekera poyera ndi pa sevisi yachiwiri. Taonani masewera aliwonse a pasukulu. Sevisi yoyamba munthu amaimenya ndi mphamvu zonse za makolo ake, ndipo imalowa kamodzi pa maulendo asanu. Yachiwiri amaikankha mwaulemu, ili yoti ngakhale mwana wa pulayimale angaibweze. Pakati pa ziwirizi palibe kanthu. Sevisi yachiwiri yodalirika imapangidwa ndi kuzungulitsa mpira: mkono umathamanga chimodzimodzi ngati pa yoyamba, koma zingwe zimapala mpira m’malo mougunda pakati. Amene anazolowera kupala mpira kuyambira tsiku loyamba amaimva msanga. Amene sanazolowere amaona ngati ukumuuza kuti aphonye dala.

Sindinanene zambiri za slice, kuja mpira umazungulira chambuyo n’kumayenda chokwawa ukagunda pansi, ngakhale kuti ndi imene imandisangalatsa kuonera. Steffi Graf anamanga nayo backhand yake yonse, Ashleigh Barty anazunza nayo anzake mpaka kutenga Wimbledon mu 2021, ndipo Ons Jabeur wa ku Tunisia anafika nayo mu fainolo ya Wimbledon mu 2022 ndi 2023. Imeneyi ndiye ndingavomere kuti idikire mwezi umodzi kapena iwiri, chifukwa ndi yokoma msanga. Wongoyamba akaizindikira amayamba kudula mpira uliwonse, ndipo amaiwala zokweza raketi.

Pempho langa likupita kwa inu amene semesita ikubwerayi mudzalandira a chaka choyamba pabwalo. Musawaimike kumzere wakumbuyo tsiku loyamba. Agoneke raketi pansi, aitole, aime m’timabokosi ta pafupi ndi neti. Tengani mpira umodzi wakale muupake inki ya maka theka lake, kuti aziona ndi maso awo ngati ukuzungulira kapena ayi. Ngati mungapeze mipira yofewa ija ya madontho obiriwira kapena ya olenji, imene ITF inayamba kulimbikitsa mu 2007, igwiritseni ntchito ndipo musamvere zoti ndi ya ana. Kenako mangani chingwe pamwamba pa neti, chokwera ngati mita imodzi kuchokera pa netiyo, n’kuwauza kuti mpira wodutsa pansi pa chingwe suwerengedwa. Nsungwi ziwiri ndi chingwe choyanikira zovala cha ku hositelo n’zokwanira, bola muchibweze eni ake asanachape.